Kasankhidwe ka oyilo wa synthetic wa pikiapu ya dizilo

Funso ili limabwera sabata ndi sabata: "Ndili ndi Hilux, ndithire oyilo uti? Kodi wa synthetic uja ndi wabwinodi, kapena n'kungotaya ndalama?" Wina amafunsa za Ranger, wina za D-Max, wina za Navara yomwe yangofika kuchokera ku UK. Ndaliyankha kambirimbiri, ndiye ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofunsa azingowerenga.

Dziwiranitu izi: mawu oti "fully synthetic" olembedwa m'zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa chigubu sakuuzani ngati oyiloyo akuyenera injini yanu. Ngakhale manambala aja a 5W-30 paokha sakwanira. Chomwe chimagamula nkhani chili kuseli kwa chigubu, m'tizilembo ting'onoting'ono tomwe anthu ambiri sawerenga. Tsatani ndondomeko iyi mmene yayalidwira, musalumphe.

1. Dziwani injini yanu, osati dzina la galimoto lokha

Kungonena kuti "Hilux" sikuthandiza wogulitsa oyilo. Pali Hilux ya injini ya 5L yopanda turbo, pali ya D-4D yomwe injini zake ndi 2KD ya malita 2.5 ndi 1KD ya malita 3.0, ndiye palinso ya GD yomwe inayamba mu 2015, ya 2GD ya malita 2.4 ndi 1GD ya malita 2.8. Zonsezi sizimwa oyilo mmodzi. Ranger nayo ili ndi 2.2 ndi 3.2 komanso 2.0 yatsopano ija. Isuzu ili ndi 4JK1, 4JJ1 ndi RZ4E ya malita 1.9. Nissan zambiri ndi za YD25.

Dzina la injini mulipeza pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa mkati mwa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso m'buku la galimoto. Lilembeni mu foni pamodzi ndi chaka chomwe galimotoyo inapangidwa. Ngati buku linasowa, mabuku a magalimoto amenewa amapezeka pa intaneti, koma onetsetsani kuti mwatenga la dziko lomwe galimoto yanu inagulitsidwa ili yatsopano. Chifukwa chake chili mu mfundo yachiwiriyi.

2. Fufuzani ngati galimoto yanu ili ndi DPF

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ndipo ndi pomwe pamatayika ndalama zambiri.

DPF ndi sefa yomwe imakhala mu ekizozi, ntchito yake kugwira mwaye wa dizilo kuti usatuluke ndi utsi. Ikadzaza, kompyuta ya galimoto imawonjezera dizilo kuti ekizozi itenthe kufika madigiri pafupifupi 600, mwaye uja n'kupsa. Vuto ndi lakuti injini iliyonse imawotchako oyilo pang'ono, ndipo mankhwala a mu oyilo akapsa amasiya phulusa. Mwaye umapsa n'kutha, koma phulusa silipsa. Limangounjikana mu sefa muja mpaka kuitseka. Oyilo wamba wa dizilo, ngakhale akhale synthetic wodula chotani, amasiya phulusa lochuluka. N'chifukwa chake injini ya DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, yemwe pa chigubu amamulemba kuti low SAPS kapena mid SAPS. Mukathira wolakwika simuona kanthu mwezi woyamba. Pakapita nthawi nyali ya DPF imayamba kuyaka pafupipafupi, galimoto imafooka pa chitunda, imadya dizilo, kenako kompyuta imaichepetsa mphamvu n'kuyamba kungokwawa.

Chosokoneza n'chakuti injini imodzimodziyo imatha kukhala ndi DPF kapena ayi malinga ndi dziko lomwe anaipangira kuti ikagulitsidwe. Mapikiapu ochokera ku UK ndi mayiko ena a ku Ulaya opangidwa kuyambira cha m'ma 2011 pafupifupi onse ali nayo, chifukwa cha malamulo a utsi a Euro 5 ndi Euro 6. Ochokera ku Japan ndi ku Australia a zaka zaposachedwa nawonso ali nayo. Ambiri omwe anagulitsidwa atsopano kuchigawo chathu chino alibe. Ndipo musanamizidwe ndi nambala ya chasisi. Nambala yoyamba ndi AHT imasonyeza kuti Hilux inapangidwa ku Durban, koma fakitale yomweyo imapanganso ma Hilux opita ku Ulaya. Galimoto ikhoza kupangidwa ku South Africa, kukayenda zaka zisanu ndi ziwiri ku Birmingham, n'kubwera kuno ili ndi DPF yake.

Ndiye yang'anani nokha, injini itazizira:

Lowani pansi pa galimoto ndi tochi, mutsate paipi ya ekizozi kuchokera pa turbo. DPF imaoneka ngati chitini chachikulu chachitsulo, ndipo chizindikiro chake chodalirika ndi timapaipi tiwiri tating'ono tachitsulo totuluka m'mbali mwake, tolumikizidwa ku timapaipi ta labala topita ku sensa yoyeza kutsekeka kwa sefayo. Pamakhalanso mawaya a masensa a kutentha. Chitini chopanda timapaipi timeneti kawirikawiri chimakhala catalytic converter kapena sailensa chabe. Pa magalimoto ena DPF ili pafupi kwambiri ndi injini, ndiye suzumiraninso kuchokera pamwamba mutatsekula boneti.

Kenako pisani chala kumapeto kwa paipi ya ekizozi. Dizilo yopanda DPF imakudetsani chala bii ndi mwaye. Ya DPF yogwira ntchito chala chimatuluka choyera kapena chotuwa pang'ono. Mukaona chivindikiro cha buluu cha AdBlue (madzi a mankhwala ochepetsa utsi woipa) pafupi ndi pothirira dizilo kapena mu boneti, musavutikenso kufufuza, DPF ilipo.

Nanga chitini chilipo koma chala chada? Ndiye kuti DPF inasweka mkati kapena mwini wakale anaichotsa n'kusiya chitini chopanda kanthu, zomwe zimachitika kwambiri pa magalimoto ogulidwa kwa munthu. Pitani nayo kwa makaniko wokhala ndi makina a diagnosis akuuzeni zoona. Pomwe mukudikira yankho, thirani oyilo wa DPF. Oyilo wa phulusa lochepa sawononga injini yopanda DPF bola muzimusintha msanga, koma wa phulusa lambiri amapha DPF.

3. Tembenuzani chigubu, muwerenge kuseli

Kuseliko mupeza miyezo ya mitundu inayi. Simukuyenera kuiloweza yonse, mungodziwa yomwe ikukhudza galimoto yanu.

API ndi muyezo wa ku America. Chilembo C ndi cha dizilo, S ndi cha petulo. Miyezo ya dizilo inabwera motsatana: CH-4 mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 mu 2016. Onani chilembo chomwe chayamba. Chigubu cholembedwa CI-4/SL ndi oyilo wopangidwira dizilo, pomwe cholembedwa SN/CF ndi wa petulo yemwe akungokwanira dizilo zakale. Mukaona FA-4 musiyeni, pokhapokha buku lanu litamutchula. Ndi wopepuka kwambiri ndipo salowa m'malo mwa miyezo ya C.

ACEA ndi wa ku Ulaya, ndipo pa mapikiapu athuwa ndi womwe umathandiza kwambiri. A3/B4 ndi wa dizilo yopanda DPF: phulusa lake limayambira pa 1.0 mpaka 1.6 peresenti, ndipo ali ndi mankhwala ambiri olimbana ndi asidi. Oyamba ndi C ndi a DPF. C2 ndi C3 phulusa lawo silipyola 0.8 peresenti, kusiyana kwawo n'kwakuti C2 ndi wopepukirapo injini ikatentha pomwe C3 ndi wolimbirapo. C1 ndi C4 sapyola 0.5. Chenjerani, C wa ACEA si C wa API. Ndi chilembo chimodzi koma nkhani zake ndi ziwiri.

JASO ndi wa ku Japan. Buku la galimoto yochokera kumeneko ya DPF kawirikawiri limatchula DL-1.

Wachinayi ndi muyezo wa kampani yopanga galimotoyo, ndipo ukakhalapo umaposa ina yonse. Ranger ya 2.2 ndi 3.2 imafuna 5W-30 wa WSS-M2C913-D, ndipo Ford imatchula muyezo womwewu ngakhale pa zomwe zili ndi DPF, ndiye apa tsatani Ford. Ranger ya 2.0 ndi yosamalitsa kwambiri. Pa zambiri mwa izo lamba wa timing amayenda ali mu oyilo, ndipo oyilo wolakwika amamufewetsa, tizidutswa ta lamba n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Zambiri mwa izo zimafuna 0W-30 wa WSS-M2C950-A, koma tsimikizani ndi buku la chaka cha galimoto yanu. Hilux ya GD yokhala ndi DPF imafuna ACEA C2 kapena DL-1, wa 0W-30 kapena 5W-30. D-4D yopanda DPF imayenda bwino ndi A3/B4 kapena CI-4. Abale omwe akuyendetsa mapikiapu akuluakulu ku America, a injini za Cummins, Power Stroke kapena Duramax ya malita 6.6, ayambire pa CK-4 n'kuonanso muyezo wa kampani.

Tsopano muone chifukwa chake manambala okha amanamiza. Pa shelefu imodzi pakhoza kukhala zigubu zisanu, zonse zolembedwa 5W-30 fully synthetic. Choyamba ndi API SP wa petulo basi, chachiwiri A5/B5 (muyezo wina wa ACEA, wa oyilo wopepukirapo), chachitatu A3/B4, chachinayi C2, chachisanu C3. Wogulitsa akuuzani kuti "zonsezi n'chimodzimodzi, bwana." Si chimodzimodzi ayi.

Onaninso kalembedwe. Mawu oti "approved" kapena chidindo chozungulira cha API akutanthauza kuti oyiloyo anayesedwa n'kuvomerezedwa. Mawu oti "meets", "suitable for" kapena "recommended for" ndi lonjezo la wopanga oyilo yekha. Kuchokera ku kampani yodziwika lonjezo lotere n'lokhulupirika, koma kuchokera ku dzina lomwe simunalimvepo, lomwe lalemba miyezo yonse ya padziko pa chigubu chimodzi, likayikireni. Oyilo mmodzi sangakhale A3/B4 ndi C2 nthawi imodzi.

4. Sankhani kulimba kwake

Nambala yoyamba, ya W, imanena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira. Ikachepa, oyilo amafika msanga ku turbo ndi kumutu kwa injini mukangoliza m'mawa. Yachiwiri imanena kulimba kwake pa madigiri 100.

Chikhulupiriro chofala n'chakuti kuno kumatentha, ndiye oyilo akhale wolimba, ena mpaka kuthira 20W-50 mu injini ya common rail (injini zomwe kompyuta imalamulira kapoperedwe ka dizilo, monga D-4D ndi GD). Musatero. Kutentha kwa injini kumalamulidwa ndi thermostat ndi rediyeta, ndipo injini yabwinobwino imatentha pafupifupi mofanana kaya muli ku Dedza mu June kapena ku Nsanje mu October. Mipata ya m'mabering'i a injini zatsopano ndi yaing'ono, oyilo wolimba kwambiri amachedwa kulowamo. Komanso 5W-40 ndi 15W-40 akatentha amalimba mofanana, amasiyana pozizira pokha.

Pomwe buku lapereka mpata wosankha, mwachitsanzo 5W-30 kapena 5W-40, tengani wa 40 ngati galimoto imanyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku, imakoka ngolo, kapena imakwera zitunda zazitali ngati Chiweta, Khwekhwerere kapena chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre. Pomwe buku latchula mmodzi yekha, thirani yemweyo.

5. Kodi synthetic akufunikadi pa galimoto yanu?

Ubwino wa synthetic ndi woona. Sapsa msanga mu turbo, yomwe imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi itatentha kwambiri, sachedwa kuyenda m'mawa, ndipo sauluka ngati nthunzi msanga. Pa injini za common rail zokhala ndi turbo ndi woyenera ndalama zake, ndipo pa za DPF palibe kuchitira mwina chifukwa miyezo ya C2, C3 ndi DL-1 simungaipeze mu oyilo wa mineral wamba.

Koma pa 5L, pa 1HZ ya Land Cruiser, pa TD27 ya Nissan kapena Isuzu KB zakale, ine ndimalangiza 15W-40 wa CI-4 wa mineral wabwino, wosinthidwa pa makilomita 5,000 alionse. Injini zimenezi zimadetsa oyilo ndi mwaye msanga, ndiye synthetic mumutaya asanakubwezereni ndalama zanu. Mawu oti semi-synthetic musawalipirire ndalama zambiri, chifukwa sanena kuchuluka kwa synthetic yemwe ali mkatimo.

Synthetic saboola masilo monga ena amanenera. Chomwe chimachitika n'chakuti amatsuka litsiro lomwe linkatseka silo yotha kale, kudontha n'kuonekera. Ngati injini ikudontha kale kapena ikudya oyilo, konzani kaye. Mukasintha kuchoka ku mineral pa injini yoyenda kwambiri, oyilo woyambayo mukhetseni msanga, cha pa makilomita 3,000 mpaka 5,000, pamodzi ndi fyuluta. Mankhwala otsukira injini aja musawathire mu injini yomwe mukatsekula chivindikiro cha oyilo mukuona matope akuda. Amamatula zibuma zomwe zimakatseka sefa ya pampu mu sampu, injini n'kunoka.

6. Gulani kumene mukukudziwa

Oyilo wachinyengo alipo, ndipo amaikidwa m'zigubu zenizeni zotoledwa m'magalaja. Gulani pamalo omwetsera mafuta odziwika, kwa dila wa galimoto, kapena mu shopu yopereka lisiti. Onani kuti mphete ya pansi pa chivindikiro sinadukepo kapena kumatidwa ndi guluu, pepala la siliva la kukamwa kwa chigubu ngati lilipo ndi losabooka, ndipo nambala ya batch ndi deti zadindidwa pa chigubu. Mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi kwina ukhale chenjezo. Oyilo woyeza m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu asayandikire injini ya turbo. Mukapita kusevisi, tengani zigubu zanu, muone zikutsekulidwa pamaso panu, ndipo zikatha zibooleni.

7. Tsiku losintha

Gulani wokwanira. Hilux ya GD imalowa malita pafupifupi 7.5 pamodzi ndi fyuluta, Ranger ya 3.2 pafupifupi 9.8, ndiye chigubu chimodzi cha malita 5 sichikwana. Khetsani injini ili yofunda, sinthani fyuluta nthawi iliyonse, pakani kaoyilo pa labala wa fyuluta yatsopano, ndipo ikani washa watsopano pa bawuti ya sampu. Fyuluta yotchipa yosadziwika imawononga phindu lonse la oyilo wodula.

A Ranger ya 2.2 ndi 3.2, komanso Mazda BT-50 ya injini zomwezo, mverani izi. Musasiye sampu ikukha kupitirira mphindi khumi. Pampu ya oyilo ya injini zimenezi ikauma imalephera kukokanso oyilo, ndipo injini imatha kuwonongeka mukangoliza. Konzeranitu zonse pafupi: fyuluta, washa, zigubu zotsekula kale. Khetsani, tsekani, thirani. Makaniko asatsekule bawuti n'kupita kukadya nsima. Mukaliza, nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini pomwepo.

Pa galimoto iliyonse, lizani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, zimitsani, dikirani mphindi zisanu ili pamalo osapendekeka, muyeze. Musapyole chizindikiro chapamwamba. Pa galimoto za DPF ndi zina zatsopano, uzani kompyuta kuti oyilo wasinthidwa, chifukwa imawerengera yokha kutha kwake.

8. Musatalikitse nthawi chifukwa choti ndi synthetic

Ichi ndi cholakwika chachiwiri chachikulu. Buku la ku Ulaya likhoza kunena makilomita 20,000 kapena kuposa, koma limenelo likuwerengera misewu ya tara yopanda fumbi ndi dizilo wa sulufule wochepa, wa 10 ppm (ppm ndi muyezo wa kuchuluka kwa sulufule mu dizilo). Dizilo wa 50 ppm ali ndi sulufule wochulukirapo kasanu, ndipo wogulidwa m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta simudziwa chomwe asakanizamo. Sulufule akapsa amapanga asidi, ndipo oyilo wa phulusa lochepa ali ndi mankhwala ochepa olimbana ndi asidiyo. Mwaye, fumbi ndi dizilo wolowa mu sampu zimadetsa synthetic mofanana ndi mineral.

Mabuku ambiri ali ndi ndandanda yachiwiri ya galimoto yogwira ntchito yolemetsa, yomwe kawirikawiri imadula mtunda pakati. Misewu yafumbi, katundu wolemera, kuima nthawi yaitali injini ikulira ndi maulendo afupiafupi a m'tauni zonse zili m'gulu limenelo. Pa common rail ine ndimati musapyole makilomita 10,000, ndipo ngati galimoto imakhalira m'misewu ya kumudzi kapena ili ndi DPF koma imangozungulira mu Lilongwe, 7,500 ndi pabwino. Galimoto yoyenda pang'ono isinthidwebe kamodzi pachaka. Fyuluta ya mpweya muziiona pa sevisi iliyonse, chifukwa fumbi lolowera pamenepo palibe oyilo angalithetse.

Solani dipisitiki sabata iliyonse. Oyilo wa dizilo amada patangopita masiku ochepa mutasintha, chimenecho si vuto, ndi umboni woti akunyamula mwaye. Choopsa ndi oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi alowa, ndi oyilo yemwe akukwera m'malo motsika, akununkha dizilo. Pa galimoto ya DPF kukwera kumeneku kumachitika mukamazimitsa injini isanamalize kuwotcha mwaye, dizilo wowonjezera uja n'kutsikira mu sampu. Madipisitiki ena, monga a Mitsubishi L200, ali ndi chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Oyilo akafika pamenepo mukhetseni tsiku lomwelo, ndipo muziipatsa galimotoyo ulendo wa mphindi 20 kapena 30 pa msewu waukulu osaima kuti DPF izimaliza ntchito yake. Pa galimoto yopanda DPF, oyilo akamakwera kayezetseni mainjekita.

Eni D-4D ya 1KD, pali chinanso. Mawasha a pansi pa mainjekita akayamba kutulutsa mpweya, utsi umalowa mu oyilo n'kupanga makala omwe amatseka sefa ya pampu mu sampu, ngakhale mukuthira synthetic wabwino chotani. Pa sevisi uzani makaniko aunikire sefayo kudzera pa bowo la bawuti ya sampu oyilo atakha. Akaona makala, sampu itsike, sefa itsukidwe, ndipo mawashawo asinthidwe galimoto isanabwerere pamsewu.